A Halo ndi Buku la Mpongozi Wawo

Dzina loti a Halo linachokera kuntchito. Kwa zaka zambiri mayiwa ankakhala m'kachipinda kopanda zenera, kuseri kwa masitepe a kampani ina yogulitsa zitsulo zomangira nyumba, n'kumalumikiza mafoni. Foni ikalira ankati "Halo", n'kufunsa amene akufunidwa, n'kudina batani. Anthu a m'maofesi am'mwamba ambiri sankawadziwa nkhope, ankangowadziwa mawu. Amesenjala ndi amene anayamba kuwatchula a Halo, kenako dzinalo linawatsatira mpaka kunyumba, moti ngakhale amuna awo akafuna kuwaseka ankaima pakhomo la khitchini n'kunena kuti, "Halo, halo, tatilumikizani ndi tiyi."

Ntchitoyo inali yodikira. M'mawa mafoni ankalira ngati akupikisana, koma masana kunkangoti zii. Mayi amene anawasiyira mpandowo anasiyanso buku m'dirowa, lakale, masamba ake atachita chikasu. Pachikuto panali mkazi wovala diresi lokwekwa pansi, phewa limodzi lili pamtunda, ndi mwamuna wa tsitsi lalitali atagwira chingwe cha kavalo. A Halo analitsegula pongofuna kutaya nthawi. Tsiku limenelo bwana wamkulu anadikira pafoni mpaka anatsika yekha masitepe kudzaona ngati munthu wa m'kachipindamo wakomoka.

Kuyambira pamenepo sanasiyenso. Mabuku awo onse anali a mtundu umodzi: nkhani zachikondi zochitika kalekale, nthawi ya ngolo zokokedwa ndi akavalo, makandulo ndi malupanga. Mumakhala mtsikana wamakani amene achibale amulanda nyumba ya bambo ake, ndi mwamuna wolemera wosaseka, wa chipsera patsaya. Amadana akangoonana. Amakumana kuphwando n'kumanyozana uku akuvina. Pakati pa buku mmodzi amabayidwa kapena kugwa pakavalo, winayo n'kumudwazika monyinyirika. Kumapeto amakwatirana. A Halo ankadziwa zonsezi asanatsegule n'komwe, ndipo sizinkawasokoneza. Chimene ankafuna kuona ndi njira yake, kuti anthu ouma mitu chonchiwa wolemba awafewetsa bwanji. Ankasiyanitsa wolemba waulesi ndi wakhama. Waulesi amangogwetsa chimvula n'kuwatsekera awiriwo m'khola la akavalo. Wakhama amawasiya kuti azilankhulana mpaka mmodzi achite manyazi ndi mawu ake omwe.

Mabukuwo ankawapeza kwa bambo wina amene ankayala mabuku akale pakhonde la sitolo ya nsapato. Ena ankafika atanyowapo, ena ali ndi dzina la mwini wake woyamba mkati. A Halo analibe nazo ntchito, bola tsamba lomaliza likhalepo.

Amuna awo anali dalaivala wa lole pakampani yomweyo, munthu wamfupi, wadazi, wosadziwa kuvina. Azimayi akuntchito ankawanena a Halo kuti amawerenga zimenezo chifukwa kunyumba kulibe. Iwo ankangoseka.

"Wa chipsera wosasekayo ndingamutani m'nyumba mwanga? Wa m'buku ndi wabwino chifukwa ukatopa naye umangotseka."

Bambowo ankawatcha mabukuwo "mabodza anu aja", komabe ndi iwo omwe anakhoma mashelefu pabalaza, n'kumawonjezera thabwa lina akaona kuti mabodzawo ayamba kuunjikana pansi. Bambowo anamwalira pamene mwana wawo mmodzi yekhayo anali kusekondale. Pasanapite zaka zambiri kampani inagula makina oyankha okha mafoni, a Halo n'kupuma ntchito nthawi isanakwane. Anagula makina osokera n'kuyamba kusoka makatani pakhonde. M'mawa ankasoka, masana ankawerenga, monga mmene anazolowerera.

Mwana wawoyo anakula n'kukhala wokonza zamagetsi m'mafakitale, ndipo anakwatira mphunzitsi wa pakoleji. Mtsikanayo ankaphunzitsa mabuku, koma mabuku enawo, aakulu, olembedwa ndi anthu amene anamwalira kalekale ndipo mayina awo amatchulidwa mwaulemu. Tsiku loyamba kufika kwa a Halo anaima kutsogolo kwa mashelefu aja, mutu ataupendeketsa, akuwerenga maina a mabukuwo.

"Amayi, onsewa munawawerenga?"

"Ena kawiri."

"Ooh."

Anangoti ooh basi. Koma a Halo anali atatha zaka akumvetsera anthu osawaona nkhope, ndipo ankadziwa ooh wodabwa ndi ooh womvera munthu chisoni. Uyu anali wachisoni.

Sanakanganepo. Mpongoziyo anali waulemu, wogwada popereka madzi, ndipo chaka chilichonse ankawabweretsera mphatso ya buku lolemera, lachikuto cholimba. A Halo ankalandira ndi manja awiri, n'kuthokoza, n'kukaliika m'kabati ya mbale za alendo. Ankamutchula kuti aphunzitsi, iye n'kumawatchula amayi. Akakhala awiriwiri ankakamba za makatani ndi za kutentha kwa dzuwa mpaka mwana wawo atabwera kudzawapulumutsa.

Chaka china nthawi ya mvula, a Halo anaterereka pa sitepe ya pakhonde atanyamula mtolo wa nsalu. Mwendo unathyoka chapamwamba pa kakolo. Kuchipatala anawaika chikhakha n'kuwapatsa ndodo zoyendera, ndipo mwana wawo ananenetsa kuti sangakhale okha. Anakawatengera zovala, mankhwala ndi magalasi, n'kuwanyamula pamsana kukwera nawo masitepe a nyumba yosanja imene ankakhala, mpaka pamwamba penipeni.

Atapuma, a Halo anapisa dzanja m'chikwama.

"Iwe, mabuku anga ali kuti?"

"Amayi, muno mabuku ndi osayamba. Taonani khoma lonselo."

"Sindikunena amenewo."

"Ndikawatenga Loweruka."

Loweruka linafika, iye n'kuitanidwa kufakitale. Lotsatira anaiwala.

Eni nyumba ankachoka m'mawa n'kubwera madzulo. A Halo ankatsala pa sofa, mwendo uli pa mpando. Pazenera pankangooneka bwalo limene anthu ankatsukirapo mabasi. Anaonerera mabasiwo mpaka anayamba kuwazindikira ndi zigamba zake. Wailesi inawatopetsa. Tsiku lina anatambasula ndodo yawo n'kukola buku lina pashelefu, akufuna kakang'ono kamene kanali kumapeto, koma linagwa lina, lonenepa ngati njerwa. Kuti adzuke akalibwezere inali ntchito, ndiye anangolitola.

M'mphepete mwa masamba munali modzaza timawu ta pensulo, tolembedwa ndi mpongozi wawo. A Halo sanatiwerenge. Ankaona ngati munthu akuwalankhulitsa ali pakati pa kudya.

Madzulo ake mpongoziyo atalowa, anawapeza bukulo lili pamiyendo.

"Aphunzitsi, mwamuna wake afika liti m'bukumu?"

"Mwamuna uti, amayi?"

"Mwamuna wa nkhaniyi. Ndafika patali, koma ndikungoona mvula, msewu wamatope, ndi azakhali akudandaula za denga."

Mpongoziyo anamwetulira akuvula nsapato. "Afika. Koma musamudalire kwambiri."

Nkhaniyo inali ya mkazi wina, woyamba kubadwa, amene makolo atamwalira anatsala akulera abale ake m'nyumba yodontha. Mwamunayo anafikadi. Anali woyeza misewu, ndipo analibe chipsera kapena kavalo, anali ndi chifuwa chosatha. Ankabwera kudzamwa tiyi n'kumakamba za miyala. Atalimba mtima n'kufunsira, mkaziyo anati adikire kaye wamng'ono amalize sukulu. Anadikira. Kenako anamutumiza kukayeza msewu kwina. A Halo apa anakhazikika bwino, chifukwa ankadziwa kuti mwamuna akachoka pakati pa buku ndiye kuti adzabwera atasintha. Anabweradi patapita zaka, ali ndi mkazi wina ndi ana, akungodutsa, n'kupempha madzi akumwa. Mkazi uja anawapatsa madziwo, anawatsanzika, n'kupita kukaanula zovala chifukwa kunkabwera mvula.

A Halo anatembenuza tsamba. Kuseri kunali koyera. Anagwedeza bukulo kuti mwina mugwa kanthu.

Tsiku limenelo sanadikire n'komwe kuti mpongozi wawo atule chikwama.

"Aphunzitsi, bukuli masamba ena anathothoka?"

"Ayi, amayi. Latha pomwepo."

"Pa zovala?"

"Pa zovala."

"Ndiye wolembayu anamulengeranji munthuyu? Kuti azingomuzunza? Wandiyendetsa m'matope mtunda wonsewu kuti ndikaone munthu akuanula zovala? Zovala ndimaanula ndekha kwathu."

Mpongoziyo anakhala pansi, pa kapeti pomwepo, chikwama chili paphewa. Nkhope yake inawala mwa mtundu umene a Halo anali asanauonepo. Anati wakhala akuphunzitsa bukulo zaka zingapo, ndipo ana asukulu amangofunsa kuti pamayeso padzabwera mutu uti. Palibe ndi mmodzi yemwe amene analikwiyirapo.

"Koma amayi, m'moyo zimaterotu."

"Za m'moyo ndikuzidziwa. Ndinaika mwamuna m'manda ine. Sinditsegula buku kuti lindiuze zimene ndikuzidziwa kale."

"Komabe mwalimaliza."

"Ndikanathawira kuti, mwendo uli m'chikhakha?"

Mwana wawo anawapeza akadali pomwepo, mawu atakwera, pamoto palibe kanthu. Anayang'ana mayi ake, n'kuyang'ana mkazi wake, n'kulowa yekha kukhitchini mwakachetechete.

Chimene chinawavuta a Halo n'chakuti bukulo silinawachoke. Mabuku awo aja akatha ankawasiya opepuka, ngati munthu amene wangosamba, ndipo pofika mawa lake maina a anthu ake ankakhala atasakanikirana ndi a m'mabuku ena. Ili linatsalira ngati kanyama kokanirira m'mano. Ankati akuyang'ana mabasi aja n'kupezeka kuti akukangana ndi mkazi wa m'bukumo. Kenako anazindikira kuti nkhope imene amuveka mkaziyo m'maganizo mwawo ndi ya akulu awo.

Akulu awowo ndi amene anawalera, iwo ndi alongo awo awiri, mayi awo atamwalira. Anagwira ntchito yoyang'anira atsikana pasukulu yogonera komweko mpaka kukalamba, ndipo sanakwatiwepo. Tsopano ankakhala m'tauni ina, m'kanyumba kaukhondo kokhala ndi maluwa m'zitini. A Halo anali asanadzifunsepo chifukwa chake. Kwa iwo akulu awowo anangobadwa choncho, ndi makiyi m'chiuno.

Anatenga foni masana ena.

"Achemwali, ndikufunseni kanthu. Kale lija, pamene munkatilera, panalibe munthu?"

"Munthu wanji?"

"Wokufunani."

A Halo anagwira foni ndi manja awiri, atakonzeka kumva kulira. M'malo mwake kunamveka chiphwete, mpaka akuluwo anatsokomola.

"Iwe, chikhakhacho chakwera kumutu? Analipo. Atatu."

"Atatu!"

"Wina kalaliki, wina wogulitsa mankhwala, wina wa njinga yamoto. Ukuganiza kuti ndinali wonyansa?"

"Nanga bwanji simunalole? Chifukwa cha ife?"

"Inu munali chowakanira chabwino, sindinama. Ndikangoti ndili ndi ana olera, munthu ankavala chipewa n'kumapita osakwiya. Koma ine sindinkafuna. Ndichape matewera anu nonse, ndimalize, ndiyambirenso a munthu wina? Ndinkafuna chipinda changa, chitseko changa, ndi kugona nthawi imene ndafuna."

"Ndiye simudandaula?"

"Ndidandaule chiyani? Wa njinga yekha uja ndiye ndimamukumbukira nthawi zina. Ankaseketsa. Koma ankamwa."

Madzulo a Halo anamufotokozera mpongozi wawo zonse, n'kumaliza ndi chigamulo chawo.

"Wolemba wanu uja sanafufuze bwino. Mwina mayi uja sankamufuna n'komwe woyeza misewuyo. Ife tikungomulirira chabe."

"Ayi, amayi, ankamufuna. Taimani."

Anatenga bukulo, n'kulitsegula ngati munthu wolowa m'nyumba yake, n'kuwerenga mokweza malo ena. Mkazi uja ankatsuka makapu. Kapu imene woyeza misewu ankamwera inali yobenthuka pakamwa, ndipo mng'ono wake atafuna kuitaya, iye anamulanda n'kukaiika pamwamba pa kabati, pamene ana sangafikire. A Halo anali atadutsapo pamenepo mothamanga, akufunafuna pamene zinthu ziyambire kuchitika.

A Halo anatenga bukulo n'kuwerenganso pamenepo okha.

"Ankamufunadi," anatero. "Ndiye ndi chitsiru."

Mwana wawo anabweretsa mabuku aja chikhakha chitatsala pang'ono kuchotsedwa. Anabwera nawo m'katoni ya sopo. A Halo anawatulutsa limodzilimodzi n'kumawapukuta fumbi ndi m'mphepete mwa diresi. Tsiku lomwelo anawerenga limodzi lonse, la mtsikana amene anadzisandutsa wantchito m'nyumba ya mdani wa bambo ake, ndipo anaseka okha pa sofa mpaka misozi.

Mpongoziyo anaima pafupi ndi katoniyo kwa kanthawi.

"Amayi, mundibwerekeko limodzi. Limene mumalikonda kwambiri."

A Halo anasankha mosamala. Anamupatsa la wolemba wakhama, lopanda chimvula ndi khola la akavalo. Patatha sabata mpongoziyo analibweza, atalinyamula ndi manja awiri.

"Ndalephera, amayi. Ndayesetsa. Akulemba bwino ndithu, makamaka akamakangana. Koma ndikudziwa kale kuti akwatirana, ndiye maso amangotsetsereka."

"Nanga mukakwera basi yopita kwanu, simudziwa kumene ikupita? Mumatsikira panjira chifukwa choti mukudziwa?"

Mpongoziyo anaseka, koma sanalitengenso. A Halo sanakhumudwe. Chimene chinawakhumudwitsa anachipeza atatsegula: timizere ta pensulo pa masamba oyambirira, ndi kachizindikiro kofunsa m'mphepete.

"Aphunzitsi, tabweretsani labala. M'mabuku mwanga salembamo. Si mayeso awa."

Chikhakha chitachoka a Halo anabwerera kwawo, akutsimphina pang'ono. Anapeza anthu a makatani akuwadikira, ena atakwiya, ena atapita kwa telala wina. Anayambiranso kusoka. Mabuku a mpongozi wawo anayesapo ena awiri. Lina analisiyira panjira chifukwa anthu ake ankangolankhula za Mulungu ndi za boma osadya n'komwe. Linalo analimaliza, ndipo anamuimbira foni mpongoziyo kuti amuuze kuti nalonso lawapsetsa mtima. Kuyambira nthawi imeneyo mpongoziyo ankaimba yekha, osadzeranso mwa mwamuna wake. Koma masana ambiri a Halo ankakhala ndi mabuku awo omwe aja, ndipo akafunsidwa ankanena mosabisa kuti amenewo ndiye amawakoma.

Nyengo yozizira akulu awo anabwera kudzaona mwendo. Anafika ndi sutikesi yaing'ono ndi pilo wawo, chifukwa sankagonera pilo wa munthu wina. Anayendera nyumba yonse, anapeza fumbi pamwamba pa chitseko, kenako anakhala pansi. Pocheza nkhani inabwereranso kwa wa njinga yamoto uja.

"Kaya ali moyo," anatero akuluwo, akuuzira tiyi.

Mawa lake, akuluwo akusamba, a Halo anatenga foni kuti amufufuze. Anayamba ndi sukulu yogonera ija, kumene anawapatsa nambala ya mlonda wakale. Mlondayo anawatumiza kwa makaniko wina, makaniko n'kuwatumiza kwa mayi wogulitsa matayala amene anali mwana wa mlongo wake wa munthuyo. Mawu awo akuntchito aja anabwerera okha, aulemu koma osalola kuikiridwa foni pansi. Dzuwa lisanapendeke anali atamupeza. Anali moyo. Mkazi wake anamwalira, ndipo ankakhala kwa mwana wake wamkazi.

"Achemwali, foni yanu."

"Ndani?"

"Ingolankhulani."

Akuluwo anawayang'ana moopseza, koma analandira. A Halo anatuluka n'kukakhala pa makina awo pakhonde, osapalasa, khutu lili kuzenera. Anamva akulu awo akudzitchula dzina mokuwa kawiri, chifukwa bamboyo makutu anali atayamba kuvuta. Kenako kunayamba kuseka. Anaseka nthawi yaitali, kuseka kwa mtsikana, kumene a Halo sankakukumbukira. M'mutu mwawo anali atayamba kale kuganiza za basi imene angakwere, ndi nsalu imene ingawakhale bwino akulu awo.

Kuseka kutatha akuluwo anatuluka, n'kuwabwezera foni, akupukuta m'maso ndi kansalu.

"Akadali woseketsa," anatero.

"Ndiye mwagwirizana zotani? Abwera? Kapena tipite ife?"

"Tipite kukatani? Akumwabe ameneyo, ndamumva lilime. Dzuwa lonseli." Anakhala pa mpando wa pakhondepo n'kutambasula miyendo. "Usadzachitenso zimenezi osandifunsa. Koma wachita bwino. Tsopano tenthetsa madzi, mawondowa akufuna kuthowa."

A Halo anadzuka n'kupita kukatenthetsa madziwo. Akulu awo anakhala sabata ina, anakonza m'khitchini monse mmene iwo ankafunira, kenako anabwerera kwawo ndi pilo wawo.